Ng'oma si Ngoma, Amayi

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ife kuno ku Kadewere tilipo. Mng'ono wanga Esinati wachira, mwana wamkazi, watsitsi lambiri ngati lanu, ndipo kulira kwake mungati anabadwira kudzatilamula. Nandolo chaka chino anabereka mpaka nthambi kugwa pansi, koma chimanga chinapsa ndi dzuwa chili pa ngaiyaye. Denga la khitchini yanga likudonthabe. Mkamwini wanu akuti alikonza, monga ananenera chaka chatha.

Nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya munda wanu wa kutsidya kwa mtsinje. Misozi isanaume n'komwe, anatulukira a Wedisoni a kwa Nangoma, amalonda a ku Limbe aja, n'kumati mundawo ngwa agogo awo, inu munkangobwereka. Anakhoma zikhomo m'mizere yanu. Ine ndinazizula n'kusonkhezera moto. Mlandu unafika kukhoti ku Boma, ndipo a majisitireti anati akufuna pepala lochokera m'kaundula wa minda imene inagawidwa esiteti inali kuno ija itatha.

Kaundulayo, Amayi, ali m'mimba mwa chikompyuta chimene ndimayendetsa ku ofesi, chachitali ngati kabati wa zovala, chija munkachitcha "mwamuna wako wosadya". Chinabwera ine ndili ku sekondale, ndipo maina a eni minda ali pa matepi ake ozungulira, aakulu ngati mbale. Pa galasi lake dzina lanu limaoneka bwinobwino, koma chimenechi sungasenze kupita nacho kukhoti. Pulinta yake yakale, yaphokoso ngati chigayo ija, inafa. Anatipatsa yatsopano, ndinalumikiza nthambo, koma inangoti duu. Ziwirizi sizimvana chiyankhulo. Pakati pawo pamafunika kapulogalamu kotanthauzira kamene timakatcha dalaivala, kouza kompyuta mmene ingayankhulire ndi chipangizo chilichonse cholumikizidwa kwa iyo, kaya pulinta, kaya choyendetsa tepi. Mukukumbuka tsiku lija ndinadandaula kuti dalaivala wandivuta kuntchito? Munasiya kusenda chinangwa n'kundiuza kuti, "A minibasi amenewa, mwanangu, usamawasekerere." Mpaka lero ndimaseka ndekha.

Dalaivala wa pulinta yatsopano pa kompyuta ya msinkhu uwu kulibe, poti amene ankawalemba anasiya kalekale. Kunabwera akatswiri awiri a ku Blantyre atamanga mataye. Anachizungulira kawiri, n'kunena kuti ichi n'chokagulitsa kwa okhoma mbaula. Atapita, abwana anandiyang'ana mwachisoni n'kuti, "Mayi, chalaka bakha nkhuku singatole." Ndinawayankha mwaulemu kuti mundawo si wa bakha.

Ndinatsitsa mabuku a chikompyutacho onenepa aja, odyedwa ndi chiswe m'mbali. Masabata atatu, anzanga akamapita kumsika masana, ine ndinkatsala ndi buku pamiyendo, kulemba dalaivala wangawanga. Poyamba pulinta inkalavula zilembo zosokonekera, chifukwa kompyuta inkaithira mawu osadikira kuti imeze. Ndinaiphunzitsa ulemu: pulinta ikati ndakhuta, iyo iime, ikati bweretsa, ipitirize. Choopsa chinali chakuti dalaivala watsopano salowa pokhapokha utazimitsa zonse n'kumanganso dongosolo lonse lamkati, ndipo nkhalamba ngati iyi ukaigoneka sudziwa ngati idzukenso. Ikanapanda kudzuka, kaundula wa midzi yonse akanapita nayo. Ndinachita mantha, sindikubisirani. Koma inadzuka.

Pepala litatuluka ndinavina mu ofesi muja. Abwana anadinda mapepala awiri, limodzi langa, lina la a Wedisoni. Apa ndi pamene ndinalakwa, chifukwa chisangalalo chinandiphimba m'maso, osawerenga modekha. Kukhoti kalaliki anawerenga mokweza kuti mwini munda ndi Elube Nangoma. A Wedisoni anaimirira, mano onse pamtunda: "Mwadzimvera nokha, bwana! Amenewo ndi agogo anga." Ndipo sananame kwenikweni, agogo awo analinso Elube. Koma inu ndinu Elube Nang'oma. Kachizindikiro kolendewera kaja ka pakati pa g ndi o, pulinta inali itakameza. Ng'oma yovinira inasanduka ngoma ya m'tchire, ndipo munda wanu unatsala pang'ono kupita ndi dzanja la mwana wanu yemwe. Manyazi ake, Amayi, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe.

Esinati anati ndingowonjezera ndi bolopeni. Ndinakana, chifukwa akanati ndabera, ndipo dzina lanu silofunika kubera. Ndinapempha khoti masiku asanu. M'kompyuta chilembo chilichonse chili ndi nambala yake. Nditafufuza ndinapeza kuti nambala imene chikale chathu chimapatsa kachizindikiroko, pulinta yatsopano siidziwa, ndiye inkangoitaya mwakachetechete. Amene anapanga zinthuzi, kwawoko ukasiya kachizindikiro kotere palibe amataya munda. Ndinasintha mzere umodzi wokha m'dalaivala uja. Ndinaigonekanso nkhalamba, mtima uli m'mwamba, ndipo inadzukanso.

Munkakonda kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Choncho sindinadalire pepala lonyamula ndekha. Ndinapempha kuti kalaliki wa khoti abwere adzaone ndi maso ake. Anabwera, a Wedisoni ali pambuyo pake. Anawerenga dzina pa galasi, ine n'kudina batani, pepala n'kutuluka chimodzimodzi: Nang'oma. Kalaliki analitchula kawiri, m'mphuno, monga munkatchulira inu. A Wedisoni anangofunsa kumene kuli khomo, chikhalirecho analowera pomwepo.

Khoti lagamula kuti munda ngwathu. A Wedisoni akuti akachita apilo ku Blantyre. Apite, msewu ndi womwewo. Ine ndagalauza kale, mizere ndaunga, mbewu ili m'thumba kudikira mvula. Akadzakhomanso zikhomo, nkhuni kwathu n'zosowa.

Abwana akuti chaka chikamatha chikompyutacho chichoka, kubwera ting'onoting'ono tokhala patebulo, ndipo ndikafunsa za ntchito yanga amayang'ana kudenga. Sindiwagwadira. Tsiku ndi tsiku ndikusindikiza kaundula yense, mudzi ndi mudzi, n'kumawerenga dzina lililonse ndi chala, kuti a Kang'ombe ndi ena onse a maina ngati lathu asadzaone zimene ndinaona ine. Okhoma mbaula akadzabwera adzatenga zitsulo zokha.

Ndakusowani, Amayi. Tsiku la chigamulo ndinatsika njinga pamphambano n'kuthamangira kunyumba kwanu, ndipo ndinakumbukira ndili kale pakhomo kuti simuli mo. Inu simunalembepo dzina lanu ngakhale kamodzi. Munkadinda chala chachikulu n'kupukutira inki pachitenje, n'kumati olemba ndiwo adziwa. Mvula ikatha tidzakumangirani chiliza. Ndikulonjeza kuti tsiku limenelo ndidzamuimirira mmisiri pamutu mpaka kachizindikiroko atakasema mozama, koti ngakhale ndere isadzakakwirire.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Felesiya