Tsamba Lija Lioneke Pofika Lachisanu

Lolemba, 3 Malichi

Sabata yomaliza yondiyesa ntchito. Abwana andipatsa fupa: pulogalamu yathu yowerenga mafayilo a XML iphunzire kumvera fayilo ya XSL, imene imauza bulawuza, chotsegulira masamba a pa intaneti, kaonekedwe ka tsamba. Pano zotsatira za mayeso a ana zimatuluka zamaliseche, mabulaketi okhaokha. Aphunzitsi aakulu a sukulu imene tikuipangira tsambali adzaona Lachisanu. Zikakana, ine ulendo wakwathu.

Pulogalamuyo anailemba ndi aNdevu, mkulu wokhala pawindo mu ofesi muno, ine ndili ku pulayimale. Akuti, "Muigwire bwino, mwana wanga woyamba ameneyo." Ndaseka, koma mantha alipo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndadula mizere mazana atatu m'pulogalamu ya aNdevu. Kukoma, ndisaname. Eniake diso lili pa sikirini yanga. Podutsa angoti, "Akadali moyo mwanayo?"

Lachinayi, 6 Malichi

Dzulo sindinalembe. Mkwiyo. Khodi ya pulogalamuyo ili bwinobwino, tsamba lili mbee. Ndakonza ndi zosawonongeka zomwe. Achemwali pafoni: "Ungoizimitsa n'kuyatsanso." Akuyesa ndi wailesi yawo.

Lero masana aNdevu anaima kumbuyo kwanga. "Fayiloyo mukuitsegula bwanji?" Ndinadina kawiri, monga timachitira tonse muno chiyambire. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti fayilo ukaitsegula pakompyuta pomwepo, bulawuza imakana XSL, mpaka idzere pa seva, kompyuta yogawa masamba.

Ndaika pa seva. Tsamba ngwee! Mayina, malikisi, mizere yowongoka. Tsiku lonse ndi theka ndikukwapula mwana wosalakwa. Ndavina nditakhala pampando. Manyazi nawonso tho.

Lachisanu, 7 Malichi

Aphunzitsi aakulu anabwera, magalasi pamphuno. Anayang'anitsitsa tsambalo. Kenako: "Ameneyu wapezanso 12 pa masamu?" Akudandaula za mwana wa m'kalasi mwawo, tsambalo osalitchula n'komwe. ANdevu anandinong'oneza kuti ndiye kuti lagwira.

Atapita, abwana anafunsa ngati wina anandithandiza. Ndisanatsegule pakamwa, aNdevu: "Ine za XSL ndizidziwira kuti, bwana?" Bodza la mkunkhuniza. Ndinanenabe zoona. Ndimawakonda mkulu ameneyu.

Abwana anangokanda chibwano. "Lolemba mubwere ndi kapu yanu."

Muno kapu yakeyake amakhala nayo ndi olembedwa ntchito okha. Mawa ndikagula, yaikulu kuposa ya aNdevu.