Nyimbo Yanga Ili M'foni ya Aliyense

Lolemba, 12 Ogasiti 2024

Ndagwanso pamsika. Kachiwiri mwezi uno. Beseni la mtedza mbwee pansi, anthu akutola ngati ndawaitana. Yayambitsa ndi sipika ya pashopu ya mafoni. Ng'oma itangolira, dzanzi kumapazi, mapewa ayamba okha. Ndatsitsimuka ndili kuseri kwa matumba a makala, amake Yunike, anzanga a pabenchi, akundikupiza ndi katoni. Ndawanamiza kuti ndi BP.

Si BP. Ndi vimbuza, matenda a mizimu. Ndipo mawu a mayi amene akuimba m'nyimbo imene yatenga Lundazi yense ndi anga.

Ukwati wa mwana wanga Lukundo uli pa 31. Asewere, makolo a mkwati Robson, akuchokera ku Chipata. Bambo ndi mkulu wa mpingo, mayi ndi wapampando wa amayi. Iwo akudziwa kuti mwana wawo akukwatira kwa anthu opemphera. Ambuye, sindikupempha zambiri. Tsiku limenelo lokha ndilimalize nditaima ndi miyendo yanga.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndilembe mmene zinayambira, mwina mtima utsika. Mu Meyi, mapilitsi atakanika, bambo ake Lukundo anati ndipite kwa nchimi, sing'anga wa vimbuza, ku Chikomeni. Mwakachetechete. Anandinyamula panjinga yamoto ndi mng'ono wawo, mlamu wanga Evans. Mizimu itabwera inabwera ndi nyimbo yake: Julani nthowa, nkhwiza. Tsegulani njira, ndikubwera. Nchimi inati nyimbo imeneyo ndi yanga ndekha, ikalira eni ake amafika. Ndinavina, ndinachira, ndinayambanso kudya. Kuti Evans waimika foni kumbuyo kwanga akujambula, sindinadziwe.

Lero ndamupitira pakashopu kake koikira nyimbo m'makhadi. Kasitomala palibe ndi mmodzi yemwe, akungoingitsa ntchentche. Akuti, "Mulamu, bizinesi inafa. Banthu bazitengela beka nyimbo pa intaneti. Nenze kufuna chabe banizibe. Nkhope siioneka." Inde nkhope sioneka, nsalu inandiphimba. Nanga mawu amavala nsalu?

Ndamuuza afufute. Wafufuta ine ndikuona. Ndisanatuluke n'komwe, basi ya ku Chipata yadutsa ikuiliza. Wina wa ku Lusaka anaitenga, anathiramo zing'oma za pakompyuta, n'kulembapo dzina lake. Evans akudandaula kuti amubera. Iye! Ndinafuna kumuswa ndi sipika yakeyo, koma khoswe wakhala pamkhate. Ndi amene akutipezera magalimoto a ukwati.

Lamulungu, 18 Ogasiti

Kutchalitchi bwinobwino. Potuluka, atsikana a kwaya kuseri kwa vesitile, foni atatsamiritsa pa njerwa, akuvina. Chiuno chokhachokha. Nyimbo imene ndinaimba ndikulira, iwo akuseka nayo. A Sophia, amene timaimba nawo alito, anandigwira mkono: "Aba bamayi mau yao siyachilendo. Imwe simubaziba?" Ndinati ndasiya nyemba pamoto. Ndinathamanga ndi yunifomu mpaka kuchigayo.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Ndayesa thonje m'makutu. Ng'oma silowera m'makutu, imalowera pachifuwa. Chomwe thonje latseka ndi makasitomala. Munthu akuti meda imodzi, ine ndikumupimira ziwiri. Masana ndalongedza.

Tsopano ndikugulitsira pakhomo. Ndijambule thumba, nditumize pagulu la amalonda pa WhatsApp, wa njinga abwere kudzatenga. Zikuyenda, sindinganame. Foni yomweyi ikundidyetsa, foni yomweyi ikundidya. Pagulupo aliyense akutumiza kavidiyo ka mdzukulu wake akuvina Julani nthowa. Ndimatsegula nditatsitsiratu mawu. Walira mvula walira matope.

Ndaimbira nchimi. Nayonso ili ndi foni yaikulu kuposa yanga. Ndafunsa ngati pali mankhwala oti mizimu izidziwa kuti uku n'kusewera chabe. Yaseka. Akuti mizimu sidziwa sipika, ikaitanidwa imabwera. Yati ndipite ndikavine mokwanira. Ndipite liti? Nkhuku zosasula, thobwa wosaphika, diresi likadali kwa telala.

Loweruka, 24 Ogasiti

Lukundo wafika kuchokera kuntchito ku Chipata. Madzulo aperekezi ake abwera kudzayeserera magule pabwalo. Nyimbo yolowera m'holo asankha iti? Yomweyo. Ndinali ndi mphika m'manja. Ndauponya, ndathawira kudimba.

Wanditsatira. Ndamuuza zonse, titakhala pa mzere wa repu. Wagwira pakamwa. Kenako: "Amama, ine nayivina pa TikTok katatu. Ninalembapo ati mfiti yaimba bwino." Walira. Ine ndamutonthoza, ngati wolakwiridwa ndi iye. Ndafunsa ngati angamuuze Robson. Wapukusa mutu. Akuti Robson alibe vuto, vuto ndi bambo ake, amene anachotsapo mayi wina pa mgonero chifukwa cha ng'oma zomwezi.

Nyimbo aichotsa. Aperekezi akwiya, akuti masitepe ayambirenso.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Kwa Steward, woliza nyimbo paukwati. Munthu wa magalasi akuda ngakhale m'nyumba. Ndamuuza kuti asewere safuna nyimbo za mizimu. Akuti, "Mami, chaka chino ukwati ulibe Julani nthowa ni malilo. Banthu bazaniponya miyala." Ndagwada. Ine, mayi wa mutu wa imvi, kugwadira mwana wobadwa dzana ndikumupempha asalize mawu anga. Wachita manyazi, wandidzutsa. Waichotsa mu kompyuta yake ine ndikuona. Tambala wanga wofiira wapita kwa iye.

Bambo ake Lukundo akuti ndikuda nkhawa ndi zii. Amuna! Iwo akuganiza za mipando.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Asewere afika. Amake Robson duku loyera, mawu ofatsa, pemphero lalitali mpaka tiyi kuzizira. Andikumbatira: "Ba sebele, mwatilelela mwana." Anthu abwino. Zikanakhala bwino akanakhala oipa.

Mafoni onse a m'nyumba ndati akhale chete, mutu ukundiwawa. Mawa lokha.

Lolemba, 2 Sepitembala

Kutchalitchi zinayenda. Lukundo anawala. Ndinalira misozi yabwino.

Steward anasunga mawu ake, zimenezo ndilembe. Analibe mlandu. Kuholo, akwati atangofika pakhomo, magetsi thii. Jenereta yakana. Anthu mazana ali duu, mwana wanga waima padzuwa ndi maluwa m'manja. Azakhali ake a Robson, pofuna kuchotsa manyazi, anaimirira n'kuyamba kuomba m'manja. Ndi pakamwa. Julani nthowa. Nanga pali ina imene aliyense amaidziwa? Holo yonse inalandira. Wina anagwira chidebe n'kuyamba kuchiomba. Manja enieni, mawu enieni, kuposa sipika iliyonse.

Ndinali kutsogolo, pakati pa asewere awiri. Ndinagwira mwendo wa tebulo. Ndinaluma lilime mpaka magazi. Ndinayamba Atate wathu wakumwamba, sindinafike pa chakudya chathu chalero.

Akuti ndinaimba. Akuti anthu atamva mawuwo anasiya okha kuomba, n'kutsala ine.

Ndinatsegula maso ndili pansi, nsapato kulibe, diresi long'ambika paphewa. Amake Robson atagwada, akundifunditsa chitenje chawo, akukalipa: "Ikani pansi mafoni! Mulibe amanu imwe?" Palibe anatsitsa. Mpando wa bambo ake Robson unali wopanda munthu.

Lukundo ananyamuka ndi akuchimuna dzulo m'mawa kupita ku Chipata, ine ndili chigonere. Anandigwira phazi, n'kutuluka. Sindikudziwa ngati amulandira kapena amusiya pakhonde ndi masutikesi ake. Foni ndinaizimitsa Loweruka. Bambo ake Lukundo akuti ndisayatse, m'mavidiyo onse muli ine ndekhandekha. Koma mwana wanga akafuna amake, aimba pa nambala imeneyi.

Ili pamiyendo panga chiyambire m'mawa. Ndikangoyatsa...