Foni ikuti achimwene ali pa maola anayi okha

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ya nsalu. Amayi athu agonekedwa m'chipatala, vuto ndi impso, ndipo wowadwazika ndine. Ndimagona pa katoni pambali pa bedi lawo. Dzana adokotala anandiitanira panja n'kundiuza kuti, "Ngati pali mwana amene ali kutali, muuzeni abwere."

Alipodi. Achimwene athu, mwamuna yekhayo m'mimba mwathu, amawotcherera zitsulo mumzinda wina kunja kwa dziko. Sakudziwa kanthu. Akaimba foni timati amayi agona, kapena apita kumsika. Anatilamula zimenezi ndi achemwali athu aakulu, ndipo iwowo akalankhula nkhani yatha. Akuti ntchito ya achimweneyo njatsopano, tchuthi amapatsidwa kamodzi pachaka, tisawadzidzimutse pachabe. Anandionetsa pafoni kamzere kochokera mumzinda umenewo kufika kuno, pansi pake atalemba maola anayi a pa ndege. Anati, "Zikafika povuta tidzaimba m'mawa, madzulo adzakhala ali pano. Iwe ukuganiza ngati abwera pa basi?"

Aphungu, mtima wanga suli m'malo. Chitseko cha wodi chikangotseguka, amayi amatembenuza mutu kuti aone walowayo. Koma ndikaimba ndekha, achemwali adzati ndawaderera. Nditani?

T.N., wa pakhonde la sitolo ya nsalu

Mayi T.N.,

Imbani lero. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Foni ya achemwali anu sinaname, koma yanena theka. Maola anayiwo ndi a m'mlengalenga basi, ndege itanyamuka kale, ndiponso ngati ili yolunjika. Mizinda yambiri ilibe ndege yotero tsiku lililonse. Zina zimakakutula mumzinda wachitatu, n'kukhala pabenchi mpaka kucha ukudikira inzake. Foniyo siidziwanso kuti achimwene anu ali ndi abwana oti awapemphe kaye, kuti mipando imadzaza, kuti kubwalo la ndege umayenera kufika nthawi ikadalipo, kapena kuti ukatera pali mzere wa mapasipoti, katundu, kenako msewu mpaka kuchipatala. Mwana wanga anayendapo ulendo wotere masiku awiri athunthu, popanda chilichonse chovuta panjira.

Achemwali anu si oipa. Akuteteza ntchito ya mlongo wawo, mwinanso akuopa kuti akaimba ndiye kuti avomereza kuti matenda akula. Musakangane nawo pafoni. Atengeni mukaone adokotala limodzi, akamve okha ndi makutu awo. Akakanabe, auzeni mwaulemu kuti mukuimba, ndipo muimbire pamaso pawo pomwe.

Achimwenewo muwauze mawu a adokotala momwe munawamvera, osachepetsako. Aone ngati pasipoti yawo sinathe. Pemphani kalata yakuchipatala, muijambule, muwatumizire akaonetse abwana. Mukatero ikani foni pakhutu pa amayi, amve mawu a mwana wawo ngakhale akadali kutali.

Chenjezo langa ndi ili. Tchuthicho n'chawo, amayiwo ndi awonso. Kubwera kapena kusabwera asankhe okha, musawasankhire powabisira. Achemwali akakwiya, pakapita sabata mudzakhala mukubwerekananso mchere. Koma achimwene anu akadzatsika galimoto n'kupeza anthu atadzaza pabwalo, sadzafunsa za maola a ndege. Adzakuyang'anani inuyo n'kufunsa kuti, "Munadziwa liti?"

Aphungu