Timabotolo ta Mufiriji ya ku Woodlands

Chilenje, Lusaka

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse ku Katete. Kuno tilipo, kungoti magetsi akuzimazima, ndiye ndimangokhalira kuthamangira firiji ya kuntchito.

Za pempho lanu lija mundikhululukire. Ndi zoona, ku labotale yathu ku Woodlands tili ndi timabotolo ta puloteni yothandiza magazi kuundana. Sanaitenge m'thupi la munthu, anachita kuipanga kufakitale. Koma ndi ya kafukufuku basi, analemba pabotolo kuti asabaye nayo munthu. Sindingaibweretse kuti mubaye mwana wamwamuna wa Abby, mng'ono wanga. Bondo lake likatupanso, thamangirani naye kuchipatala, chonde musamuteme mphini. Mukukumbuka mmene mlongo wanga Thandazani anathera magazi chifukwa cha dzino limodzi lokha.

Komabe mtima wanga sukukhazikika, amalume. Timabotoloto ndimatitenga, nkutibwezera, nkutitenganso.

Lachiwiri ndinapita kusikelo ndipo anandiunika. Amuna anga a Katongo akondwa kwambiri, auza kale abale awo onse. Za matenda a kwathuwa, ogwira ana aamuna okhaokha, sindinawauzebe.

Anamwino akuti ndi mwamuna.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Imelda