Desiki nambala 14

Shawlands, Glasgow
Lolemba, 12 Meyi 2025

Okondedwa achemwali anga a Ketrina,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu. Miyendo ija yasiya kutupa? Alamu ali bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, kunja kwayamba kufunda, koma mtima ndiwo wandikhalitsa pansi ndi cholembera. Pa foni ndayesa kawiri, pa 4 ndi dzulo, mawu osatuluka.

Nkhani ndi ya mwana wanu Yvonne. Mukudziwa kuti ntchito yanga yosesa m'maofesi anandipezera ndi iyeyo, pakampani pomwe amagwira. Ine ndimalowa 5 koloko madzulo, anthu ataweruka.

Chiyambire 2020 Yvonne amagwirira ntchito kunyumba kwake ku Easterhouse, pa kompyuta. Zinkamuthandiza, chifukwa mwana wake Hope matenda akugwa aja sanamusiye, ndipo kunasale amangokhalako mpaka 12 koloko. Koma pa 3 Febuluwale mabwana analamula kuti aliyense azibwera ku ofesi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi.

Pa 10 Febuluwale kapitawo wathu, a Dave, anandipatsa pepala la manambala a madesiki. Anati ndizichonga desiki iliyonse yomwe pakhala munthu tsiku limenelo, kuti adziwe pofunika kusesa kwambiri. Achemwali, mumandidziwa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma chowerenga sindiphonya. Ndimayang'ana bini, mpando, ndi pomwe panakhala kapu. A Dave ankaonetsa anzanga pepala langa, amvekere Tadeyo yekha ndiye ali ndi maso. Ine ndinkasangalala ngati mwana.

Desiki nambala 14 ndi ya Yvonne. Sindinganame kuti sindinkadziwa, pali chithunzi cha Hope chomwe ndimachipukuta ndekha. Pa masabata asanu ndi atatu, kufika pa 4 Epulo, masiku obwera anali 24. Iye anakhalapo masiku atatu. Ndinalemba atatu.

Chomwe ankachita ndi ichi. Ankafika m'mawa, kugunditsa khadi lake pakhomo kuti aoneke kuti walowa, n'kukwera basi kubwerera, kuti 12 koloko imupeze pafupi ndi mwana. Ntchito yonse ankaimaliza patebulo la kukhitchini. Mabwana atafananiza makadi ndi mapepala anga, bodza linaonekera. Amuitana kumlandu Lachiwiri pa 20 Meyi. Ntchito ikatha, chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chithanso, pamodzi ndi madokotala a Hope.

Mwina munena kuti ndinangolemba zoona. Inenso ndadziuza zomwezo masiku ambiri. Koma masabata asanu ndi atatu ndinkamuona kutchalitchi Lamulungu lililonse, osamuchenjeza ngakhale kamodzi. Mumtima ndinkati ana a masiku ano ndi aulesi, ntchito yanji yogwira utavala masilipasi, pamene ine ndimakolopa nsanjika zitatu za maofesi. Ndinkafuna aphunzire. Sindinamufunse chomwe chimamubweza kunyumba, pamene ine, malume ake, m'mawa monse ndimakhala ndilibe chochita. Ndinkaona ngati kulera mwana si ntchito ya bambo wa zaka 58.

Lamulungu pa 4 Meyi titaweruka kutchalitchi anandiitanira kwake. Anandionetsa kalata ya mlandu, manambala anga atawalembanso ndi makina. Anayesa kuseka, akuti pakampani pawo pali mfiti yosatopa, yowerenga mipando anthu atapita, ndipo akadzaidziwa adzaiphikira tiyi wa mchere. Kenaka anasiya kuseka. Anati, malume, inu mumaona onse m'nyumba ija, simungadziwe amene wandichita zimenezi?

Hope anali pamiyendo panga, akundiuza za galu wa aneba m'Chingerezi chake chothamanga chija. Ndinayang'ana mwanayo, n'kuyankha kuti sindikudziwa.

Yvonne anagwedeza mutu, anati asadandaule malume, ndipo anandilongezera nyemba zoti ndikadye kunyumba. Ndinazilandira ndi manja awiri. Zikadali m'filiji.

Pamene munkamutsanzika Yvonne mu 2017 munandiuza kuti kunjako mwini mbumba ndine, akalakwa ndimudzudzule, akalakwiridwa ndimuimire. Lero wolakwira ndine ndemwe, ndipo palibe wamkulu wina kuno woti atikhazike pansi.

Lachisanu lapitali ndinapita kwa a Dave kupempha kuti andibwezere mapepala. Anandimvera chisoni, koma anati anapita kale kwa akuluakulu. Chotsala ndi chimodzi. Munthu wa bungwe la antchito wamuuza Yvonne kuti akasonyeza kuti wapeza womusungira mwana masiku atatu aja, mwina angomuchenjeza. Ine ndingathe. Ndawerenga kale: ndikanyamuka kuno 10 koloko, mabasi awiri, ndimamutenga Hope kunasale nthawi yake. Ndapempha kuti masiku amenewo ndizilowa 7 koloko, ndipo avomera. Mankhwala ake ndi zoyenera kuchita akagwa ndidzalemba papepala.

Koma sindingamutenge mwana wake ndili ndi bodza m'kamwa. Ndikamuuza zonse Lamulungu pa 18. Kalatayi ndikuijambula pa foni kuti ikupezeni msanga. Chonde musamuuze inu, ndi katundu wanga. Tsikulo foni yanu ikhale ndi moto, chifukwa adzafuna mayi ake. Musanditeteze. Akadzati sakufunanso kuona nkhope yanga, mumuvomereze. Mungomupempha chinthu chimodzi: kumlandu akatchule dzina langa ngati wolera mwana. Hope azidzangomulandirira pakhomo, ngakhale osandipatsa moni.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa a Leonard ndi ana awo, ndi kwa anakubala a Lucia. Ambuye akusungeni, ndipo mundikumbukire m'mapemphero pa 18 ndi pa 20.

Ndine mlongo wanu wochita manyazi,
Tadeyo