Ndinagwada Monga Munanenera

Easterhouse, Glasgow
16 Novembala 2023

Okondedwa achemwali a Malita,

Ndikhulupirira muli bwino ku Domasi kumeneko, inu ndi alamu a Amidu. Nanga amayi, miyendo ija yaleka kutupa? Ine kuno ndili moyo, koma za bwino tisanamizane. Kunja kukuzizira kolowa m'mafupa, ndipo ndikulemba nditagona chafufumimba chifukwa mpando sundilolanso.

Mukudziwa kuti chaka chatha ndinavulala msana kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba kuja, lamba wa makina onyamulira odwala ataduka gogo wina ali m'malere, ine n'kumuwakha. Ntchito inathera pomwepo. Loya wanga, mayi wina dzina lake Anne, anati chipukuta misozi tidzapeza ndithu. Ndinkati ndikalandira ndikachititse opaleshoni msanga kuchipatala cholipira, ndiyendenso ngati munthu.

A inshuwalansi a kuntchitoko ananditumiza kwa dokotala wawo ku Hillhead kuti akandiyeze. Anne anandichenjeza kuti ameneyo si wondichiritsa, ndi wofunafuna pondigwirira. Koma ndinakapeza bambo a imvi mbuu, msinkhu wa malemu bambo athu. Atandifunsa kuti ndili bwanji, pakamwa panayankha pokha kuti ndili bwino, kaya iwo. Kenaka cholembera chawo chinagwa pansi. Sanachitole, anangochiyang'ana. Ine mwana wa ku Domasi, ndikanasiya munthu wamkulu awerame ndili pomwepo? Ndinatola n'kupereka ndi manja awiri, misozi ikulengeza. Anathokoza mwaulemu, n'kulemba ndi cholembera chomwecho kuti ndimawerama popanda vuto.

Zimenezo Anne anati tikanatha kulimbana nazo. Chatipha ndi chanu, achemwali.

Kumbukirani amalume a Lucius atabwera kuno ku msonkhano wa mpingo mu Ogasiti. Munandiimbira katatu kuti amayi mtima suli m'malo, anthu akuti Tupochile wasanduka mzungu, ndiye ndikagwade pamaso pa amalume ndipo wina ajambule kanema. Ndinakuuzani za msana, inu munati munthu amagwada ndi maondo. Ndinamwa mapiritsi anayi. Ndinagwada mu holo ya tchalitchi ku Dennistoun, n'kuyenda chogwada ndi beseni la madzi osamba m'manja. Kanemayo anathera pomwe amalume akupukuta manja. Pamene amayi awiri a Mvano ankandidzutsa ngati thumba la chimanga, wojambula anali atazimitsa kale. Ndinagona sabata yathunthu.

Kanemayo ndinatumizira inu nokha kuti muwaonetse amayi. Inu munamuika pa Fesibuku, dzina langa lonse pamwamba, kuti dziko lione mng'ono wanu wosataya mwambo.

Dziko laona ndithu. Lachiwiri tinali kokambirana kuti nkhani ithere kunja kwa khoti, ife chipinda chathu, a inshuwalansi chawo, mkhalapakati akuyenda uku ndi uku ngati nkhoswe ya ukwati wotha. Masana analowa ndi laputopu n'kuiika patebulo. Ndinadziona ndekha ndikukwawa ndi beseni, ndikumwetulira, pansi pake mawu anu ndi timitima mbwee. Anali atamasulira ngakhale ndemanga ya alamu yakuti mkazi uyu ndi thirakitala. Anne anafiira nkhope. Anandifunsa chifukwa chake sindinamuuze, ine ndinasowa Chingerezi chofotokozera kuti malume ndi ndani kwathu. Mkhalapakati anati mbali inayo ikunena kuti ndikapita kukhoti adzanditcha wabodza pamaso pa woweruza, ndipo ndikaluza zolipira maloya awo zidzagwera ine. Ndinasaina zomwe anapereka. Za opaleshoni ziiwalike, ndipo nkhaniyo yatsekedwa, sidzatsegulidwanso.

Ndakwiya nanu, achemwali, ndipo sindibisa. Musalire, ndikudziwa mumalira msanga pakakhala anthu okuonani. Musanditumizirenso mavesi. Kanemayo musamufufute, ndi wanu, munamuvutikira, ndipo pa zonse zimene ndakutumiziranipo kuchokera kuno, palibe chodula kuposa ameneyo.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi muwawerengere amayi yonse, mokweza, osadumpha mzere, amalume ali pomwepo. Muwauze kuti ndikadzabwera, ngati mpando wa ndege ndidzaupirire, ndidzawapatsa moni chiimire, ndodo ili m'manja. Wofuna kundiona nditagwada mudzamutsegulire foni.

Moni kwa amayi, amalume, alamu a thirakitala aja, ndi ana onse. Atsikanawo alimbikire sukulu, maondo awasunge.

Ndine mng'ono wanu wamwambo uja,
Tupochile