Kabaza wopanda pasenjala

Lachitatu, tsiku la off. Kunja kunawala bwino, koma mtima uli zii.

Chanda, mnzanga wa ku Zambia amene timagwira limodzi ku care home yosamalira okalamba, wakansela m'mawa ulendo wathu wokapalasa njinga. Akuti amupatsa shift ina. Ndamuuza kuti, "Iwe ukungothawa, ukudziwa kuti ndikudyetsa fumbi." Waseka n'kudula foni.

Ndapita ndekha m'kanjira ka njinga kaja kamene kale kanali njanji, kunja kwa tauni ya Nuneaton kuno ku England. Mulibe galimoto ngakhale imodzi, mitengo uku ndi uku, pansi posalala ngati mbale. Ine mfumu ya kabaza ku Salima, wonyamula mayi, mbuzi ndi matumba awiri a chimanga ulendo umodzi, lero ndimachita kuuluka. Aona ndi agologolo okha.

Pafupi ndi mlatho ndapeza agogo achizungu akuvutika ndi zikwama za ku shopu. Miyendo yaima yokha. Ndamenya pakaliyala, ndati m'Chingerezi changachi, "Kwerani mayi, ndikakusiyeni pakhomo, ulere!" Agogo akumbatira zikwama pachifuwa, ati "No, thank you," n'kuyamba kuyenda ngati mtsikana. Ndawachiritsa nyamakazi!

Ndaseka, kenako ndaona kuti ndikuseka ndekha. Kwathu akanakwera, tikanakamba za mvula mpaka kufika. Chaka ndi theka tsopano palibe wandigwira paphewa kapena kundikalipira kuti ndichepetse liwiro. Njinga yopanda munthu kumbuyo imapepuka moipa.

Mwina ndikanayamba ndi moni kaye. Kapena ndikanavula helmet kuti aone nkhope yanga, kaya...